Kalata yotseguka kwa akuluakulu a polisi: samalani apolisi a ku Mangochi asanakuthaweni

Kwa Mkulu wa Apolisi m'dziko muno, ku Area 30, Lilongwe,
Kwa Komishonala wa apolisi m'chigawo cha kummawa, ku Zomba,
Kwa mabwana oyang'anira masiteshoni ndi mapositi a m'boma la Mangochi,
Ndi kwa a Police Service Commission, bungwe loona za kulemba ntchito, kukweza ndi kulanga apolisi.

Mabwana athu, landirani moni wathu waulemu, ndipo tikuthokoza chifukwa cha katundu wolemera amene mwasenza. Olemba kalatayi ndife anthu a kuno ku Mangochi amene ntchito ya upolisi timaidziwa mkati mwake: ena tidavala yunifolomu mpaka kupuma, ena tili m'makomiti a chitetezo cha m'midzi, ena ndife mabanja a apolisi amene akadali pantchito. Talemba poyera chifukwa eni ake nkhaniyi alibe polankhulira. Lamulo la maubale a pantchito la 1996 silikhudza apolisi ovala yunifolomu, kotero alibe bungwe lowayankhulira ngati mmene alili nalo aphunzitsi ndi anamwino. Sanganyanyale ntchito, sangapite ku wailesi, ndipo dandaulo lawo limadzera kwa bwana yemweyo amene akumudandaula. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye timvereni modekha. Sititchula munthu kapena siteshoni, ndipo sitinabwere kudzanyoza.

Za malipiro ochepa ndi nyumba zong'aluka za kulaini tikudziwa kuti simungazithetse nokha, zimadikira bajeti ndi Nyumba ya Malamulo. Tikudziwanso mmene kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudadyera malipiro a konsitabo. Koma taonani izi: apolisi awiri a udindo umodzi, olandira ndalama zofanana, ogona m'nyumba zodontha chimodzimodzi, wina amadzuka ndi mtima wogwira ntchito pomwe mnzake akungofunafuna potulukira. Chowasiyanitsa nthawi zambiri ndi bwana amene ali pansi pake. Zimene talemba pano zili m'manja mwanu, ndipo zambiri sizifuna ngakhale tambala.

Mukamangowerenga makalata osiya ntchito, muziona ngati zonse zili bwino, pakuti ntchito m'dziko muno ndi zosowa ndipo munthu sangoitaya. Wapolisi amachoka m'njira zina. Wina amalemba kalata pa kalata yopempha transifa kupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Wina amachulutsa mapepala a kuchipatala. Wina amalowa sukulu ya kumapeto kwa sabata, akangolandira digiri nkupita ku kampani ya zachitetezo kapena ku bungwe. Kuno, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, njira imeneyonso wapolisi wotopa amaiganizira. Koma ochuluka amatsala thupi lokha. Amafika pa perete, amasaina mu OB, buku lolembamo zochitika za pa siteshoni, amaimika sawatcha, koma doketi ya mlandu imagona m'kabati miyezi, ndipo mayi wodandaula akangofika amauzidwa kuti abwere mawa.

Boma lino silophweka kuliyang'anira. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni. Kuli malire a Mozambique ku Chiponde ndi njira zachidule zosawerengeka cha ku Katuli ndi ku Makanjira, kuli nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire, kuli alendo odzaona malo ku Cape Maclear ndi m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Wapolisi wofufuza milandu amene waphunzira Chiyao, amene akudziwana ndi magulupu a kwa Jalasi ndi kwa Nankumba, mashehe, abusa ndi makomiti a m'madoko a asodzi, sapangidwa m'chaka chimodzi. Munthu wotere akachoka mumatumiza mnyamata wochokera kumene kusukulu ya apolisi ku Kanjedza, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni. Iye alibe mlandu, koma kuti alembe sitetimenti ya mtsikana wogwiriridwa wolankhula Chiyao chokha afunika womasulira, ndipo mwanayo sanena zonse pamaso pa munthu wachitatu, makamaka ngati womasulirayo ndi wa m'mudzi momwemo. Mlandu umakafera kukhoti chifukwa cha transifa imene palibe adaiganizira bwino.

Dandaulo lathu loyamba ndi rosita, mndandanda wosonyeza amene agwire ntchito iti ndi nthawi yake, ndipo tikhalitsapo chifukwa ndi pamene kukondera kumaonekera tsiku ndi tsiku. Rosita ikamalembedwa m'mawa wa tsiku lomwelo, ndi pensulo, m'ofesi yotseka, wapolisi sangakonze chilichonse pamoyo wake: sangalonjeze mwana kuti apita naye kuchipatala, sangadziwe ngati akapezeka kumaliro a mlamu wake. Tsatirani tsiku limodzi la konsitabo wa pakauntala. Walowa 6 koloko madzulo, watuluka 6 koloko m'mawa, usiku wonse akulandira andewu za kumowa ndi kuwerenga a m'chitokosi. 9 koloko akufunika kukhoti ngati mboni. Mlandu waimitsidwa cha kumasana. Akufika kunyumba foni yalira kuti kuli msonkhano wa ndale kapena mpira, avale abwere. Madzulo dzina lake lili pa usiku kachiwiri. Munthu ameneyu ndiye mwamupatsa mfuti. Kusagona kumafupikitsa mtima, kumachedwetsa maganizo, ndipo tsiku limene adzamenye wokayikiridwa kapena kusinza mpaka woganiziridwa mlandu nkuthawa, amene adalemba rositayo sadzaitanidwa kukayankha.

M'rosita momwemo muli malo a mafuta ndi malo ouma. Aliyense akudziwa kuti ntchito zapadera zolondera mabanki, malo ogona alendo, maukwati ndi zoimbaimba za kunyanja zili ndi alawansi. Maina omwewomwewo akamabwerezedwa kumeneko mwezi ndi mwezi, pomwe ena akungozungulira pakati pa kauntala ya usiku ndi kulondera wodwala womangidwa unyolo kuchipatala, siteshoni imagawika pawiri: anyamata a bwana ndi otsala. Otsalawo amaphunzira msanga kuti khama silipindula, chopindula ndi kuyandikira ofesi. Kumeneko ndiko kumayambira miseche, kunenezana kwa bwana, ndi kukapeza yapambali pamsewu.

Chachiwiri ndi kukalipira pagulu. Upolisi ndi ntchito ya mwambo, ndipo sitikupempha kuti bwana asiye kudzudzula. Koma sajeni wa imvi akatukwanidwa pamaso pa odandaula okhala pabenchi, kapena konsitabo akatchedwa chitsiru pa perete chifukwa cha funso limene wafunsa, chimene chimatsatira tonse timachidziwa. Wonyozedwayo sangayankhe, ndiye mkwiyo umatsika: kwa wakabaza amene amuimitse pa mlatho wa Bakili Muluzi, kwa wogulitsa usipa pamsika, kwa mkazi ndi ana kulaini. Chinanso, pa siteshoni ya bwana waukali anthu amasiya kunena zoipa. Chitseko cha chitokosi chikafooka palibe amakauza, chipolopolo chikasowa amabisa, mnzawo akayamba kufika ataledzera amamuphimba. Bwanayo amadzamva zonse tsiku limene zaphulika.

Ndime 43 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu woti zigamulo za maofesi a boma zomukhudza zikhale zachilungamo ndipo apatsidwe zifukwa zake polemba. Wapolisi naye ndi munthu aliyense. Chilango choperekedwa pakamwa, mlandu usanamvedwe, kaya ndi kumulanda tchuthi, kumuchotsa kunthambi yake kapena kumuunjikira mausiku, chikuphwanya ndime imeneyi.

Chachitatu ndi transifa yolangira, ndipo pano mpamene Mangochi amavulala kwambiri. Kuchoka pa Boma kukafika ku Makanjira ndi pafupifupi makilomita 100, ndipo dzinja mitsinje ikadzaza ulendowo ukhoza kudya tsiku lonse. Malo ngati amenewa akamatchulidwa ngati chiopsezo, kuti ukapitiriza mwano tikuponya kutali, mwawauza apolisi onse kuti kumeneko ndi kundende, ndipo mwawauza anthu a kumeneko kuti iwo ndi oyenera apolisi olakwa ndi okwiya. Chonsecho positi yakutali ndi imene ikufuna munthu wokhwima nzeru, woti angaweruze yekha zochita galimoto ya pa Boma isanafike.

Kachitidwe kake nakonso kamapweteka. Uthenga umabwera wakuti ukapezeke kumalo atsopano pasanathe masiku ochepa, pakati pa teremu, mwana ali mu Sitandade 8 kapena Fomu 4. Lole yonyamula katundu palibe, nyumba kumeneko palibe. Bambo amatsogola yekha ndi chikwama, banja limatsala pa lendi, malipiro amodzi akudyetsa makomo awiri. Apa mpamene katapila amalowera, ndipo wapolisi wangongole ndi wosavuta kumugula. Choipitsitsa nchakuti kalatayo sinena kuti akakhala zaka zingati. Munthu akhoza kupirira zaka ziwiri pamalo ovuta ngati akudziwa tsiku lotulukira. Akapanda kulidziwa, kuyambira sabata yoyamba nzeru zake zonse zimathera pofunafuna womudziwa ku likulu.

Chachinayi ndi kulamula popanda kupereka zogwirira. Malamulo Aakulu amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Bwana akangoti ndikufuna munthu ameneyu ali kukhoti mawa, galimoto ilibe mafuta, konsitabo ali ndi njira zitatu zokha: kutulutsa ndalama yake ya ndiwo, kupempha wodandaula kuti agule mafuta, kapena kukwera kabaza ndi wokayikiridwa pakati. Yoyamba imamusaukitsa, yachiwiri anthu amaitcha ziphuphu, yachitatu ikalakwika mlandu wothawitsa mkaidi ndi wake. Bwana wabwino sapanga mafuta, koma amalemba mu OB kuti lero galimoto ilibe mafuta ndipo ndalamula zakutizakuti, nkusaina dzina lake. Akatero mlandu wausenza mwini udindo.

Chachisanu anthu ambiri sachitchula, koma ndicho chikudya anyamata ndi atsikana athu mwakachetechete. Nyengo ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mabwato amagubuduzika, ndipo thupi limene lakhala m'madzi masiku atatu amakalivuula ndi kuliyang'ana ndi wapolisi, kawirikawiri wopanda magolovesi. Wogwidwa ndi ng'ona mu Shire, ana ophwanyika pa ngozi ya lole ya pamsewu wa ku Monkey Bay kapena pa zitunda za ku Namwera, khanda lotayidwa m'chimbudzi, wowotchedwa ndi gulu la anthu: woyamba kufika ndi iyeyo, ndipo ndi iyenso amakagogoda pakhomo kukauza abale. Pa nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, amene adavuta kwambiri kuno kunyanja, apolisi ankagwirabe anthu ndi manja ndi kuwasunga m'zitokosi zothinana. Ndipo chiyambire imfa ya wapolisi wogendedwa ku Msundwe mu Okutobala 2019, aliyense wotumidwa kukabalalitsa gulu amapita akudziwa zimene zingamuchitikire.

Akabwerako kumeneko amasamba m'manja nkubwerera pakauntala. Palibe womufunsa kuti wagona bwanji. Zizindikiro zake sizibisika kwa bwana amene amayang'ana anthu ake: munthu amene anali waukhondo wayamba kubwera ndi yunifolomu yosasita, akununkha kachasu m'mawa, sakudya ndi anzake, akupsa mtima pa zazing'ono, mkazi wake wabwera kawiri kudzadandaula, kapena wayamba kulankhula zoti atopa nawo moyo. Nkhani za apolisi odzipha zakhala zikumveka m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Bwana wongodziwa chilango amamulemba munthu wotere mlandu wa kuledzera, nkumusiya ndi mfuti usiku womwewo. Wodziwa ntchito amamuchotsa kaye pa ntchito ya mfuti mosamuchititsa manyazi, amakhala naye pansi chitseko chotseka, amaitana m'busa kapena shehe amene mwini wakeyo amamukhulupirira, nkumutumiza kwa a zaumoyo wa maganizo kuchipatala cha boma. Ambiri amaopa kupita okha chifukwa akuganiza kuti mawu oti wapenga akalowa m'faelo, kukwezedwa kwathera pomwepo. Mantha amenewo angawachotse ndinu nokha.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kukwezedwa udindo. Sitichulutsapo mawu. Munthu akakhala konsitabo zaka khumi ndi kuposa, wopanda mlandu, nkumaimikira sawatcha mnyamata amene iye adamuphunzitsa kulemba sitetimenti, ayenera kuuzidwa chifukwa. Ambiri sadaonepo lipoti la pachaka limene bwana amalemba za iwo. Pomwe palibe kufotokoza, anthu amadzaza okha: amati ndi mtundu, ndi chipani, ndi chibale. Ndime 158 ya Malamulo Aakulu imafuna polisi yosalowerera ndale, ndipo mndandanda uliwonse wokwezedwa mosadziwika bwino umaifooketsa.

Za apolisi aakazi tinene mosazungulira. Pamene rosita, tchuthi, transifa ndi lipoti la kukwezedwa zonse zili m'dzanja la munthu mmodzi, mtsikana amene wakana zofuna za munthuyo alibe kothawira. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa nkhanza zotere pantchito, koma lamulo silithandiza ngati kalata yodandaula iyenera kusainidwa ndi wodandaulidwayo. Bungwe la Independent Complaints Commission, limene lidabwera ndi lamulo la polisi la 2010, lidakonzedwa kuti lizimva madandaulo a anthu pa apolisi. Wapolisi wozunzidwa ndi bwana wake akusowabe khomo lake logogoda. Ndipo mtsikana amene wavulazidwa chonchi mkati mwa siteshoni ndi yemweyo amene mumamuika ku Victim Support, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kuti akatonthoze ena.

Mabwana abwino alipo, ndipo apolisi amawatchula ndi ulemu ngakhale patapita zaka. Amadziwika ndi zinthu zazing'ono. Amafika pa positi yakutali osati kudzagwira wolakwa koma kudzaona ngati mjigo ukutulutsa madzi ndi ngati wailesi ya mauthenga ikugwira. Amayendera a usiku 2 koloko nkukhala nawo pang'ono. Mwana wa konsitabo akamwalira amapezeka pamaliro ndipo galimoto imapezeka. Mlandu ukayenda bwino kukhoti amatchula dzina la wofufuzayo pa perete. Pa siteshoni zotere anthu amakana transifa. Vuto ndi lakuti zimenezi zikudalira mtima wa munthu, ndipo akasamutsidwa zimapita naye. Tikufuna zikhale lamulo la ntchito.

Choncho tikupempha izi:

1. Rosita ikhomedwe pabolodi masabata awiri isanayambe, yolembedwa ndi inki ndi kusainidwa. Wapolisi asagwire mausiku oposa atatu otsatizana, ndipo wotuluka usiku asaitanidwenso tsiku lomwelo pokhapokha pagwe zadzidzidzi. Masiku a kukhoti azilembedwa m'rosita momwemo, kuti mboni isaikidwe pa usiku wa dzulo lake.

2. Pakhale buku la ntchito zapadera za alawansi, loti wapolisi aliyense angathe kulitsegula, losonyeza amene wapita, tsiku, malo ndi ndalama imene walandira. Maina aziyenda mozungulira.

3. Kudzudzula kuzichitikira m'ofesi. Chilango chilichonse chizibwera munthu atamvedwa, ndi zifukwa zolembedwa.

4. Transifa isakhalenso chilango. Kalata yotumiza munthu ku positi yakutali inene zaka zimene akakhale, zisapitirire zitatu, ndipo akamaliza apatsidwe mwayi wotchula malo atatu amene angakonde. Kupatula pa zadzidzidzi, uthenga uzifika miyezi itatu tsiku lisanakwane, kusamuka kuzichitika pa tchuthi chachikulu cha sukulu, lole ndi nyumba zitakonzedwa kale. Zaka za kumalo ovuta ziziwerengedwa pokweza udindo. Wapolisi amene waphunzira Chiyao ndipo akufuna kukhalabe kuno asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati achoka asiyirane ntchito ndi womulowa m'malo kwa mwezi wathunthu, akuyenda naye kwa mafumu ndi m'madoko.

5. Bwana akalamula ntchito yopanda mafuta kapena zipangizo, alembe yekha mu OB ndi kusaina.

6. Magolovesi, zophimba kukamwa ndi matumba onyamulira mitembo zizikhala m'galimoto ndi pa positi iliyonse, makamaka za m'mbali mwa nyanja mwera usanayambe. Amene agwira ntchito ya mtembo, ya ngozi yaikulu kapena yowombera munthu azipatsidwa tsiku lopuma, ndipo bwana azikhala nawo pansi sabata isanathe. Chigawo cha kummawa chikhale ndi mlangizi wa zamaganizo wophunzira bwino woyendera Mangochi pa masiku odziwika, ndipo likulu lilengeze polemba kuti kukaonana naye sikulowa m'faelo ya kukwezedwa.

7. Wapolisi aliyense aziwerenga ndi kusaina lipoti lake la pachaka, ndi kuloledwa kulembapo ngati sakugwirizana nalo. A Police Service Commission afalitse zoyenereza kukwezedwa, ndipo amene wakhala pa udindo umodzi zaka khumi aziuzidwa polemba chimene chikumutsekereza.

8. Pakhale njira yodandaulira yosadzera kwa bwana wa pa siteshoni, yokhala ndi wapolisi wamkulu wamkazi wolandira madandaulo a apolisi aakazi. Wodandaula asasamutsidwe nkhani yake isanathe.

9. Munthu asanapatsidwe siteshoni kapena positi, aphunzitsidwe kuyang'anira anthu: kulemba rosita, kumva mlandu wa mwambo, kuzindikira wapolisi amene wasweka mtima. Poyeza ntchito ya bwana musamangowerenga milandu ndi ndalama za faindi. Werenganinso kuti ndi angati apempha kuchoka pansi pake, angati akudwaladwala, angati asiya. Wosiya ntchito aliyense azifunsidwa chifukwa ndi munthu wa kuchigawo, osati bwana wake.

Pempho loyamba, lachiwiri, lachitatu ndi lachisanu bwana wa pa siteshoni akhoza kuliyamba Lolemba likubwerali osadikira chilolezo cha wina aliyense. Enawo akufuna siginecha ya ku Zomba ndi ku Area 30. Tikupempha kuti pasanathe miyezi itatu a Komishonala abwere kuno adzakhale pansi ndi makonsitabo ndi masajeni paokha, mabwana awo ali panja, ndipo ulendowo ukafike ku Makanjira, ku Namwera ndi ku Monkey Bay, usathere pa Boma. Pambuyo pake mudzatiyankhe pa msonkhano wa makomiti a chitetezo cha m'midzi, mafumu ali pomwepo, kuti ndi ziti mwavomera, ndi ziti mwakana, ndipo chifukwa chiyani.

Ndife anu mwaulemu,
Apolisi opuma pantchito, a makomiti a chitetezo cha m'midzi, ndi mabanja a apolisi,
Boma la Mangochi.